Achimwene akuona ziwiriziwiri chigwereni pa njinga koma akuti maso ali bwino

Lachiwiri

NaChisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma ndathedwa nzeru. Achimwene anga aja ndinakuuzani kuti anagwa pa njinga yamoto cha pa Chinkhoma mu Meyi, anali pa kabaza atanyamula munthu wochokera ku okushoni, patha masabata 7 chitulukireni mchipatala. Kuyenda akuyenda, kuyankhula akuyankhula bwinobwino, Mulungu anatichitira chifundo poti anakomoka masiku 4. Koma nkhani yatsala ndi maso. Akuti chilichonse akuchiona pawiri, china pamwamba china pansi chopendekeka pang'ono, makamaka akayang'ana pansi. Pakudya amatsinzina diso limodzi apo ayi dzanja limaphonya mbale ya ndiwo. Dzulo anaphonya sitepe ya pakhonde mpaka kugwada. Ndipo mutu amangoupendeketsa cha ku phewa lamanzere tsiku lonse ngati khosi lawuma

NaChisale: Tinapita nawo kukayezetsa pamalo ena, anawawerengetsa zilembo za pakhoma zija diso limodzilimodzi, anawerenga mpaka mzere wapansi, basi akuti maso alibe vuto muzipita. Ndiye kunyumba anthu ayamba kuyankhula, alamu anga akuti mwina ndi mantha a njinga chabe, ena akuti pali dzanja la munthu. Alipo anakumanapo nazo?

Bambo a Tadala: Pepani asisi. A Gift muli pafupi? Izi ndi za inu izi

Gogo NaBanda: Pepa mwanawe. Kwathu kuno ku Wimbe kuli mayi wina amadziwa masamba odontheza mmaso, anthu ambiri amapitako

Madalitso Kabaza: Asisi ine ndi mboni. Ndinagwa 2022 pa njira ya ku Mtunthama, chipewa ndinali nacho koma osamanga lamba chinathawa ndisanafike pansi. Nditachira ndimalephera kuwerenga meseji pa foni, zilembo zimakwerana, mphindi 5 zokha mutu uja waaa ngati akundimenya ndi mpini pachipumi, kuwerenga ndalama za kasitomala ndimachita kutalikitsa dzanja. Anthu amati ndikunamizira poti maso anali oyera bwinobwino. Chinandithandiza ndi chingwe cha mikanda chomwe anandiphunzitsa a fizo, aja ophunzitsa odwala masewero kuchipatala. Apangireni lero lomwe, miyezi iwiri akhala bho

NaChisale: Chingwe cha mikanda chotani achimwene? Fotokozani

Madalitso Kabaza: Mutenge ulusi wokhuthala ngati wosokera matumba, mulowetsemo mikanda itatu yosiyana mitundu, wofiira wachikasu wobiriwira. Mbali imodzi mumange pa chogwirira chitseko, inayo aigwire pa nsonga ya mphuno chingwe chikhale chokungika. Ndiye aziyang'ana mkanda umodzi, maso onse akamagwira limodzi mkandawo umaoneka umodzi koma chingwe chimaoneka ziwiri zodutsana ngati X pa mkanda pomwepo. Akatero asamukire pa mkanda wina, kenako wina, tsiku ndi tsiku muziusendeza wapafupiwo kufupi ndi mphuno

Gift wa Rehab: Moni nonse, ndinali ku wodi. Ndawerenga. Gogo ndiyambe ndi inu mwaulemu wonse, mmaso musadonthezemo kanthu chonde, kaya masamba kaya shuga kaya mkaka wa mmawere. Diso la achimwenewa ndi labwino, mukathiramo zinthu mutha kupsereza galasi lakutsogolo lija nkubweretsa khungu lomwe kunalibe. Vuto lili mkati mwa mutu komwe dontho silifika

Gift wa Rehab: Asisi NaChisale, amene anakuuzani kuti maso ali bwino anayeza chinthu chimodzi chokha, mphamvu ya diso lililonse palokha. Koma kuona sikumeneko kokha. Diso lililonse lili ndi minyewa 6 yolitembenuza, ndipo minyewayo imalamulidwa ndi mitsempha itatu yochokera ku ubongo, timaitchula ndi manambala, wa 3 wa 4 ndi wa 6. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli la ngolo, iliyonse payokha ili ndi mphamvu koma ina ikamatsalira ngolo imakhota. Munthu akamenyetsa mutu, mtsempha umodzi ukhoza kuphwanyika kapena kukokeka, diso limodzi nkumatsalira pang'ono, ubongo ndiye umalandira zithunzi ziwiri zosakumana. Akatsinzina limodzi chithunzi chimatsala chimodzi, nchifukwa chake pa zilembo za pakhoma anakhoza

Gift wa Rehab: Sindingayeze munthu pa foni, koma zomwe mwafotokozazi, china pamwamba china pansi, kuvutika akayang'ana pansi, kupendeketsa mutu, zimafanana kwambiri ndi mtsempha wa 4. Umenewu ndi wowonda kwambiri ndipo umayenda ulendo wautali mkati mwa chigaza ndiye suchedwa kuvulala pa ngozi za njinga. Mutu akuupendeketsawo si khosi ayi, thupi lapeza lokha pomwe zithunzi zimakumana. Musamawakakamize kuwongola

NaChisale: Mayo ine, ndipo amayi akhala akuwatikita khosi ndi madzi otentha mmawa uliwonse, kumawauza kuti wongola mutu uzolowera

Gift wa Rehab: Asiye, sizipweteka koma sizikuthandizanso

Madalitso Kabaza: Ndiye ayambe chingwe chija eti a Gift

Gift wa Rehab: Apa ndiye tisiyana pang'ono a Mada. Chingwecho ndi chenicheni, ku ntchito timati Brock string, dzina la katswiri wa maso Frederick Brock, ndipo mwachifotokoza bwino kwambiri. Koma vuto lanu linali lina. Inu maso amakanika kukumana pakati mukayang'ana chapafupi, foni ndalama buku, limeneli ndi lofala kwambiri munthu akavulala mutu ndipo limamva masewero. Achimwene a NaChisale ngati ulidi mtsempha wa 4, chingwe sichingalumikize mtsempha. Mtsempha umachira pawokha pang'onopang'ono, ambiri amasintha mkati mwa miyezi 3 mpaka 6, ena sachira wonse. Mukawapatsa chingwe lero azingoona mikanda 6 mmalo mwa itatu, mutu kupweteka, nseru, mapeto ake agwa ulesi nkumati palibe chothandiza

Madalitso Kabaza: Koma ine chinandithandiza zoona, sindikunama. Kungokhala osachita kanthu miyezi 6 munthu wa ana atatu?

Gift wa Rehab: Sindikukutsutsani ayi. Ndipo sindinati angokhala. Ndikuti ayambe awonedwa ndi a maso amene ayeze kayendedwe ka maso, osati zilembo zokha. Amakuuza utsatire tochi kapena bolopeni mmwamba pansi mmbali mutu osagwedeza, amatseka diso ili nkutsegula ilo kuona ngati likudumpha. Akadziwa kuti chavuta nchiyani ndi pomwe timasankha masewero. Mwina apezeka ali ndi mavuto awiri, wa mtsempha ndi wanu uja, zimachitika, pamenepo chingwe chidzalowa pa nthawi yake

Mayi a Pempho: Ndilowererepo, nkhaniyi yandikhudza. Amayi anga anagwidwa sitiroko chaka chatha kuno ku Chamama, BP. Dzanja ndi mwendo wamanzere zinafooka. Koma chimene chinatizunguza ndi ichi, tikawapatsa nsima amadya mbali yamanja yokha ya mbale, mbali inayo osakhudza, kenako nkumati mwandipatsa pang'ono bwanji. Tikatembenuza mbale amadabwa kuti nsima ina yachokera kuti. Pa chitseko amagunda mphuthu ndi phewa lamanzere tsiku lililonse mpaka linachita chilonda. Mdzukulu akakhala kumanzere kwawo ngati palibe munthu, mwana mpaka analira kuti agogo akundida. Ife timayesa mutu wasokonekera, ndinalira usiku wambiri ine poganiza kuti amayi apenga

Mayi a Pempho: Ndiye a fizo anatiuza kuti ayi, sitiroko inagwira mbali yamanja ya ubongo, ndipo mbali imeneyo ndi imene imasamala zonse za kumanzere, pa maso onse awiri osati diso lamanzere lokha. Anatiphunzitsa zoti tizichita. Tinamanga kansalu kofiira kumphepete kwa tebulo kumanzere nkumawauza kuti musanadye funani kofiira kaye. Timayala nyemba ndi zitsekerero za mabotolo pa mphasa kuchokera uku mpaka uko iwo azitola zonse, poyamba amasiya theka lonse, timawagwira chibwano pang'ono kuti atembenuke. Pa kalendala ya tchalitchi timati pezani ma 7 onse. Wailesi tinaisamutsira kumanzere, ife tomwe pocheza timakhala kumanzere dala. Panopa patha chaka ndi miyezi iwiri, mbale amamaliza okha, pa chitseko amayima kaye nkutembenuza mutu uku ndi uku ngati akuwoloka msewu. Koma akatopa kapena pakakhala anthu ambiri ngati pamaliro zimabwereranso, ndiye sitimawasiya okha pa M1

Gift wa Rehab: Mayi a Pempho mwagwira ntchito yaikulu. Ndipo mwanena chilungamo pomaliza apo. Pali odwala a mitundu iwiri amene amafanana, wina mbali imodzi ya kuona inazimiratu, wina amaona koma ubongo sulabadira mbali imeneyo, ena ali ndi zonse ziwiri. Masewero ofufuza aja nthawi zambiri sabweza mbali yozimayo, amaphunzitsa munthu kuponya maso ndi mutu kumeneko mpaka chikhale chizolowezi. Ndi phindu lalikulu ndithu koma abale asamayembekeze kuti zibwerera ngati kale

NaChisale: Ndiye kuti mavutowa ndi osiyanasiyana eti. Ine ndimangoti maso ndi maso

Aphunzitsi Mwale: Osiyana kwambiri mayi. Ine mkalasi mwanga sitandade 4 munali mtsikana anadwala malungo aakulu aja ogwira ubongo, anakomoka, atabwerera kusukulu amadumpha mizere powerenga, amayamba mzere uwu nkumalizira wapansi, kukopera za pabolodi ndiye amatsalira tsamba lonse. Anzake kumuseka. Ndinamuika kutsogolo, ndinamudulira katoni yokhala ndi kawindo koonetsa mzere umodzi, nthawi zina rula pansi pa mzere ndi chala. Zinamuthandiza ndithu. Funso langa a Gift, makolo ake anamva kwa wina kuti azimumanga diso limodzi ndi nsalu, ndi bwino?

Gift wa Rehab: Kwa mwana ayi aphunzitsi, pokhapokha a maso atanena okha kuti diso liti komanso maola angati. Ubongo wa mwana wamng'ono ukadali kuphunzira kuona, makamaka asanafike zaka 7 kapena 8, mukatseka diso nthawi yaitali limatha kufookeratu. Auzeni apite naye akamuone. Za kawindo ndi rula pitirizani, nzabwino

Gift wa Rehab: Koma kwa wamkulu ngati achimwene a NaChisale kutseka diso limodzi sikuliwononga, ndipo ndi chimene ndingati muchite panopa podikira ulendo. Musamange nsalu mutu wonse. Pezani magalasi wamba opanda mphamvu kapena felemu yakale yokhala ndi magalasi oyera, mumate selotepi yosaonekera bwino ija kapena pulasitala pa galasi limodzi. Kuwala kuzilowa, mmbali aziona, koma chithunzi chachiwiri chizimiririka. Azivala poyenda, pakudya, potsika masitepe. Angodziwa kuti ndi diso limodzi kutalika kwa zinthu kumanamiza, ndiye pothira tiyi ndi pa moto asamale. Akakhala pansi malo abwino azivula kanthawi maso ayesere kugwirira limodzi

Gogo NaBanda: Ndamva ana anga, zodontheza ndasiya. Koma pemphero lokha musandiletse

Mayi a Pempho: Limenelo ndiye tonse gogo

NaChisale: Tipite kuti tsono a Gift? Ndalama yake ndi yovuta, njinga inali ya bwana wake ndipo inaphwanyika

Gift wa Rehab: Yambirani pa chipatala cha boma pa Kasungu, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mapepala onse a nthawi ya ngozi, ngati anajambulidwa sikani ya mutu zotsatira zake zikhale mmanja. Mukanene mawu awa momveka, akuona ziwiri maso onse akatsegula, akatseka limodzi zimatha, zinayamba atavulala mutu. Musangoti maso akuvuta, mukatero akuwerengetsaninso zilembo. Mupemphe kuonana ndi a maso komanso a fizo, akaona kuti nkofunika akulemberani kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kuli madokotala a maso, ku Nkhoma nakonso kuli chipatala cha maso chodziwika. Kumeneko mukafunse za prism, ndi kagalasi kokhotetsa kuwala kuti zithunzi ziwiri zikumane, kena kamakhala kapulasitiki kongomata pa magalasi, ngati ilipo ndipo ikuwayenera akuuzani. Opaleshoni ya minyewa ya diso iliko koma sathamangira, amadikira miyezi 6 kapena kuposa kuti aone pomwe mtsempha waima

Gift wa Rehab: China chofunika kwa aliyense pagulu pano. Munthu amene anavulala mutu akayamba mutu woopsa mwadzidzidzi, kusanza, kugona kosadzutsika, kukomoka, chikope kugwa chokha, kapena kamwana ka diso limodzi kukula kuposa kanzake, musadikire tsiku la kiliniki, nyamulani usiku womwewo

Bambo a Tadala: Uthenga uwu ndaupinira pamwamba. Za thiransipoti asisi tiyankhulane kumbali, thumba la gulu lilipo pang'ono

Madalitso Kabaza: Ine ndili ndi felemu yakale yomwe ndinagula pa msika, magalasi ake oyera. Ndikupatsani asisi. Koma funso limodzi a Gift lomwe mwini wake akufuna kufunsa ndikudziwa, njinga akwera liti

NaChisale: Mwalasa a Mada. Dzana anabwereka ya mnzake akuti angoyesa pa bwalo la mpira, ndinachita kulanda kiyi tinakangana mpaka sanadye

Gift wa Rehab: Munachita bwino asisi. Munthu woona ziwiri asayendetse, ngakhale yakapalasa pa msewu waukulu. Galimoto ikubwera iye akuona ziwiri, asankha iti yoti aipewe? Ndipo kumenyetsanso mutu kachiwiri ubongo usanachire nkoopsa kuposa koyamba. Tsiku sindingalitchule, atchule a maso akamuyeza

Madalitso Kabaza: Zowawa koma nzoona. Ine ndinakhala miyezi 5, ndimagulitsa mafuta a mmabotolo ndi kupopa matayala pa siteji kuti ana adye. Chimene chimapweteka si njala yokha ayi, ndi kuona anzako akunyamula makasitomala ako iwe uli pa benchi. Ndipatseni nambala yake kumbali ndimuyimbire, amve kwa mnzake wa kabaza osati kwa achemwali okha

NaChisale: Zikomo achimwene, mwina inu akumverani

Lolemba

NaChisale: Moni a gulu. Ndabwera ndi lipoti. Tinapita pa boma Lachinayi ndinanena mawu aja ndendende mmene a Gift analembera, ndinachita kuwerenga pa foni, anatilembera kalata. Lachisanu tinalawira mdima wa ku Lilongwe. Adokotala anawatsatiritsa kanyali uku ndi uku, kutseka diso ili kutsegula ilo, kenako anawapendeketsa mutu kumanja achimwene anakuwa kuti zatalikirana kwambiri, kumanzere akuti zakumana. Akuti ndi mtsempha wa 4 wa diso lamanja. Atiuza tibwerenso pakatha miyezi 3 akayezenso, panopa apitirize kutseka galasi limodzi. Anawayezanso chapafupi ndi bolopeni kuyandikitsa pa mphuno akuti pamenepo palinso kufooka pang'ono koma tiyambe ndi zazikulu

NaChisale: Chimene chinandikhudza ine, potuluka achimwene anakhala pa benchi nkuyamba kulira, bambo wamkulu. Akuti ndimayesa ndikupenga, aliyense amati maso ako ali bwino. Alamu anga nawo anangoti chete, mu minibasi anawagwira dzanja njira yonse mpaka pa Mponela

Mayi a Pempho: Ndikulira nawo kuno. Amayi anganso tsiku lomwe anauzidwa kuti si misala anadya bwino koyamba

Aphunzitsi Mwale: Makolo a mtsikana uja ndawauza, nsalu achotsa, apita naye sabata ya mawa

Gift wa Rehab: Nkhani yabwino asisi. Panopa musawachulukitsire. A fizo akakupatsani masewero a maso muzichita pang'ono, mphindi zochepa kangapo patsiku, atakhala pansi, mutu ukayamba kapena chizungulire apume osakakamiza. Foni achepetse makamaka usiku mumdima, tulo agone tokwanira, mowa ayi. Ndipo mugule kope la 40 peji muzilemba sabata iliyonse tsiku lomwelo, aime malo amodzi ayang'ane chinthu chimodzi monga msomali wa pakhoma, anene kuti ziwirizo zatalikirana bwanji, zala ziwiri kapena chala chimodzi. Kusintha kwake kumabwera mozemba, munthu payekha sazindikira, kope ndi limene limamuonetsa. Mukalitengenso pobwerera ku Lilongwe

Madalitso Kabaza: Ndinamuyimbira Loweruka tinacheza ola lathunthu. Wavomera za njinga, akuti adikira. Ndamuuza kuti pa siteji pathu pakufunika munthu wolemba ma turn ndi kusunga ndalama za chipereganyu, ndikayankhula ndi tcheya. Chingwe ndamusungira, a Gift mukadzati yambani ndidzapita ndekha ku Santhe kukamuonetsa

Gift wa Rehab: Tidzapitira limodzi a Mada, inu mumachidziwa ndi maso anu ine ndimangochidziwa pophunzitsa

NaChisale: Felemu ija a Mada ikuwathina pa makutu koma akuvala, dzulo anadya nsima maso onse ali otsegula osaphonya ndiwo, ana anachita kuwomba mmanja. Selotepi yokha ikumatuka akatuluka thukuta, alipo akudziwa ina yogwira bwino?

Mayi a Pempho: Yesani pulasitala yoyera ya pepala ija amamatira bandeji, mmafamase a pa boma imapezeka. Mumate mkati mwa galasi osati kunja

Bambo a Tadala: Ndili pa boma mawa, ndigula ndikusiyirani kwa kondakitala wa minibasi ya ku Santhe. Asisi nditumizireni nambala yoti akuyimbireni akafika